Mlandu wa Nkhwani ndi Jaji wa ku Amereka

M'mbiri yonse ya Amalawi okhala kumpoto kwa Mangalande, palibe amene anaweruzapo mlandu mwaukadaulo kuposa ine. Izi ndikunena modzichepetsa. Ndiwonjezere kuti mlandu umene ndinaweruza ndi umodzi wokha, kuti unali wa ndiwo zamasamba, ndiponso kuti pamene ndinkapereka chigamulo anthu anali atayamba kale kupita kwawo.

Sukulu ya zamalamulo ndinaiyambadi, ku Bradford konkuno. Ndinaphunzira chaka ndi kachidutswa, kenako ine ndi yunivesite tinasiyana mwamtendere. Iwo anatsala ndi digiri, ine ndinatsala ndi dzina. Dzinalo ndi lakuti a Loya. Kutchalitchi, pamaliro, paukwati, onse amandiitana choncho, ngakhale ana obadwira kuno amene Chichewa chawo chimathera pa zikomo. Ntchito yanga yeniyeni zaka zimenezo, cha pakati pa m'ma 2010, inali yosambitsa ndi kudyetsa nkhalamba kunyumba yosungira okalamba. Ndi ntchito yabwino, koma palibe nkhalamba imene inandifunsapo za malamulo.

Mphunzitsi wanga weniweni ndinamupeza kunsi kwa bedi. Chipinda chimene ndinkachita lendi chinali ndi bedi la miyendo itatu, ndipo mwendo wachinayi unali buku. Ndinagona pa bukulo nyengo yonse yozizira osalitsegula. Tsiku lina eni nyumba anabweretsa bedi lina, mwendo uja unapuma pantchito, ine ndinaupukuta fumbi.

Linali buku lonenepa, lachikuto chakuda, lofotokoza mbiri za anthu otchuka a boma lina la ku Amereka m'zaka za m'ma 1800. Mmene linafikira ku Bradford sindikudziwa. Zithunzi zake zinali za abambo okhaokha, onse andevu, onse okwiya ngati wojambulayo wawapondera mbewu. Ndinkangotembenuza masamba mpaka ndinafika pa munthu mmodzi amene ndevu zake zinali zochepa koma mbiri yake yaitali. Dzina lawo sinditchula. M'nkhani ino ndi a Jaji basi.

Ndinawerenga nditaimirira. A Jaji anabadwira pamunda, m'banja la ana ambiri ndi nsapato zochepa. Miyezi yozizira ankaphunzitsa ana a anthu kuwerenga, miyezi yotentha ankalima. Malamulo sanaphunzire ku koleji. Ankasesa mu ofesi ya loya wina, nkumawerenga mabuku a bwana wawoyo akamaliza kusesa, mpaka tsiku lina akuluakulu anawafunsa mafunso nkuwauza kuti basi, ndinu loya. Pamenepa ndinakhala pansi. Munthu wosamaliza sukulu akamva kuti kunali dziko limene tsache linkatulutsa maloya, amafunika mpando.

Sanathere pomwepo. Anasamukira kumadzulo pa ngolo, kumalo kumene tauni inali nyumba zowerengeka ndi matope. Kumeneko anakhala woyang'anira positi ofesi, woyeza malo, mkulu wa komiti ya sukulu, kenako woweruza milandu wa boma lonselo. Anasankhidwa kupita kunyumba ya malamulo ya chigawo, anakalimbikira mlatho, mlathowo unamangidwa, madzi anaukokolola, iwo anakalimbikira wina. Chisankho chotsatira anagwa. Anabwerera kumunda osadandaula, kapena ngati anadandaula, bukulo linawabisira. Anaika m'manda mkazi ndi ana angapo, anakwatiranso, anabzala mitengo ya maapozi imene ankadziwa kuti sadzadya zipatso zake zambiri. Munthu mmodzi, moyo umodzi. Ine pa msinkhu umene iwo ankaweruza boma lathunthu, chinthu chachikulu chimene ndinali nditakwanitsa chinali kudziwa mabasi onse opita kuntchito kwanga.

Bukulo silinanene kuti malo amene a Jaji ankayeza ndi kugawawo anali a yani iwo asanafike. Ife a kwathu nkhani ya anthu obwera ndi zoyezera malo timaidziwa, ndipo ndinafunafuna tsamba lonena za eni nthakawo osalipeza. Zimenezi mpaka lero sindinaziiwale. Koma ulemu wanga kwa munthuyo unakana kutha, makamaka chifukwa cha chinthu chimodzi.

Milandu yambiri ya a Jaji inali ya malire, ndipo mlandu wa malire sankaumvera m'nyumba. Ankakwera kavalo, nkupita kumunda komweko. Asanalole aliyense kuyankhula, ankapatsa okanganawo unyolo woyezera malo, wina agwire mbali iyi, wina mbali iyo, ayende nawo m'malire monse kuchokera pangodya mpaka pangodya. Unyolowo munthu mmodzi sakanatha kuukoka kuti uwongoke. Iwo ankayenda pambuyo, chete. Bukulo linati milandu yambiri inkatha asanafike pangodya yomaliza. Ndinaliwerenga tsamba limenelo kambirimbiri, ndipo nthawi zina pa shifiti, ndikuyendetsa nkhalamba m'khonde, ndinkapezeka kuti ndaika manja kumbuyo ngati a Jaji.

Tsopano tibwere ku Bradford.

Khonsolo ya kuno imabwereketsa timadimba kumapeto kwa tauni. Ndi malo otchingidwa ndi mpanda, geti lake limakhomedwa, ndipo kuti munthu apatsidwe kadimba kamodzi amadikira zaka. Mmalawi mnzathu wina, amene ndimutche a Akauntanti popeza ndiyo ntchito yawo, anali ndi kadimba kotere. Anabwera kuno ngati mwana wasukulu monga ine, kusiyana kwake nkwakuti iwo anamaliza. Ali ndi nyumba yawoyawo, galimoto, ndi jekete yapadera yovala popita kudimba.

Ndiye panali ankolo. Sanali malume a wina aliyense, koma tonse tinkawatcha ankolo. Anali bambo wachikulire, kwathu ankayendetsa malole, ndipo kuno anali atakhala zaka zambiri akudikira kuti boma liyankhe pempho lawo loti akhale ngati othawa kwawo. Munthu wodikira choncho saloledwa kugwira ntchito. Amadzuka, amayang'ana khoma, amagona. Ankolo anayamba kuchepa thupi, kutchalitchi ankangokhala kumbuyo osaimba. Akazi a Akauntanti, alamu athu, ndiwo anauza amuna awo kuti theka la dimba likungomera udzu, apatseni ankolo. Anadulitsa kiyi wachiwiri, anamanga kachingwe pakati, uku kwa bwana, uku kwa ankolo.

Chimene chinachitika aliyense anachiona. Ankolo anapeza khasu, anaunga mizere ngati kwathu, azungu oyandikana nawo nkumaima kuonerera. Anabzala mpiru, nyemba, ngakhale chimanga chimene tonse tinkadziwa kuti dzuwa la kuno silingachikhwimitse. Ankapita tsiku lililonse wapansi, mvula kaya mphepo. Masaya anabwerera. Kutchalitchi anayambanso kuimba besi, molakwika ngati kale. Kiyi uja ankamuvala m'khosi.

Chaka chimene ndikunenachi a Akauntanti anaganiza zolowa mpikisano. Azungu a kumadimba amapikisana kuti ndani walima dzungu lalikulu, ndipo bwana wathu anaitanitsa mbewu yapadera, anawerenga malangizo, anathira manyowa ogula. Dzungu linamera, linayanga, linafika pa kachingwe kaja, ndipo posadziwa kuwerenga malire, linawoloka.

Apa mpamene pali kusiyana kwa mitundu ya anthu. Mzungu akaona dzungu likuyanga amaona dzungu. Mmalawi amaona nkhwani. Masamba anthete aja, nsonga zofewa zija, chiluwe chachikasu, zonsezo kwa ife ndi ndiwo zikungodikira nsinjiro. Kuno nkhwani sagulitsa m'sitolo, ndipo alipo anthu amene akhala zaka khumi osaulawa. Ankolo anatchola.

Pofika mwezi wa mpikisano, dzungu la bwana linali lalikulu ngati mutu wa mwana wa sitandade wani, pamene la mzungu woyandikana nawo ankalinyamula pa wilibala. A Akauntanti atayang'anitsitsa anapeza timapesi todulidwa paliponse. Anawaimbira ankolo foni, mawu anakula, ndipo mapeto ake anati Lamlungu abweze kiyi.

Ndine ndinawapeza ankolo Loweruka atakhala pa benchi pa siteshoni ya mabasi, sakudikira basi iliyonse.

"A Loya," anatero, "lamulo la kuno limati chiyani dzungu likalowa lokha m'munda mwako?"

"Zimenezo tinkayenera kuphunzira chaka chachiwiri, ankolo."

"Ndiye munathawa zenizenizo."

Anaseka pang'ono, kenako anagwira kiyi wa m'khosi uja. "Ndikabweza uyu, Lolemba ndidzuka kupita kuti?"

Mawa lake titatuluka m'tchalitchi, anthu ayamba kuunjikana kuti aikambe nkhaniyi pakhomo pomwepo, ndinamva pakamwa panga pakuyankhula pasanandifunse.

"Mlandu wa malire saumvera m'nyumba. Tipite kudimba."

"Watero ndani?" anafunsa a Akauntanti.

"Jaji wina wa ku Amereka, achimwene."

"Wa khoti liti?"

"Anapuma."

Sindinaone chifukwa chowonjezera kuti anapuma zaka zoposa zana zapitazo. Mawu akuti Amereka anagwira ntchito. Tinanyamuka anthu anayi, a Akauntanti, alamu, ankolo ndi ine, pa galimoto ya odandaula, woimbidwa mlandu atakhala kumbuyo ndi woweruza. Panjira ndinapempha kuti tiime pasitolo. Unyolo woyezera malo analibe, ndiye ndinagula chingwe choyanikira zovala, chobiriwira, cha paundi imodzi.

Kudimba kunali mphepo. Tonse tinali m'zovala za kutchalitchi. Ndinamasula chingwe, mbali imodzi ndinapereka kwa a Akauntanti, ina kwa ankolo.

"Muyende nacho m'malire, chikhale chowongoka. Asayankhule munthu."

"A Loya, ine nsapato izi ndi za ku ofesi."

"Khoti laziona, achimwene."

Ndinaika manja kumbuyo. Ndikuuzeni zoona, pamene anthu awiriwo anayamba kuyenda, mmodzi patsogolo wina pambuyo, chingwe chikunjenjemera pakati pawo, ndinadabwa. Zinkagwira ntchito. A Akauntanti akafulumira, chingwe chinkawakoka ankolo ndipo ankayenera kudikira. Ankolo akaima kupumitsa bondo, bwana ankaimanso, osauzidwa. Munthu amene anafa kutsidya la nyanja, amene sanamvepo za Bradford kapena za nkhwani, ankayendetsa Amalawi awiri m'matope ngati ng'ombe za pagoli limodzi. Ndinkamva ngati kavalo wawo akupumira kumbuyo kwanga.

Vuto linali lakuti dimbalo ndi lalifupi. A Jaji anali ndi minda yoyenda tsiku lathunthu, mkwiyo unkathera m'njira. Ife tinafika pangodya yomaliza mkwiyo ukadali wamphumphu.

"Tafika," anatero a Akauntanti. "Ndiye?"

Bukulo silinanene zimene a Jaji ankachita mlandu ukafika pangodya yomaliza uli moyo. Ndinayang'ana kumwamba mwaulemu.

"Khoti likuti mubwerere. Ulendo uno mutsate dzungulo, kuchokera kunsonga mpaka kumuzu."

Apa mpamene ndinawapweteka ankolo. Iwo chiyambire ankanena kuti anatchola zokhazo zimene zinawolokera kwawo. Koma titatsata dzungulo kudutsa kachingwe ka pakati kulowa mbali ya bwana, timapesi todulidwa sitinathe. Tinapitirira mpaka kumuzu. Ndipo m'dothi lofewa, pafupi ndi kadzungu komvetsa chisoni kaja, munali mapazi a jombo zazikulu zimene tonse tinkazidziwa.

A Akauntanti analoza pansi. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukalipa.

"Ankolo, awa ndi mapazi a dzungu?"

Ankolo anayang'ana mapaziwo ngati akuwaona koyamba.

"Ndi anga, bwana."

"Ndiye munandinamiza."

"Ndinatchola. Nkhwani kwathu sitipempha."

"Kuno si kwathu. Ine ndakhala pamadimba pano zaka zonsezi, azungu awa amangondipatsa moni wa pamphuno. Ndimafuna chaka chimodzi chokha aime pa dimba langa. Chimodzi. Inu mwadya."

Anatambasula dzanja. Ankolo anasiya chingwe changa chigwe, anayamba kuvula kiyi m'khosi. Kachingwe ka kiyiyo kanakola pa kolala, zala zawo zinkalephera kukamasula. Ine, woweruza, ndinali nditaima ndi manja kumbuyo, ndikudziwa kuti nzeru zanga ndizo zafukula mapaziwo. Ndinafunsa a Jaji mumtima kuti tsopano titani. A Jaji anali chete, monga mwa chizolowezi chawo.

Alamu nthawi yonseyi anali ataima pa kanjira, atanyamula chikwama ndi Baibulo, akuteteza nsapato zawo.

"Adadi," anatero, "Lachisanu lija munadya chiyani?"

"Mayi, musalowerere."

"Ndangofunsa. Ndiwo zotendera zija, zimene munati zikukoma ngati za amayi anu, munapempha zowonjezera. Munkati ndazigula kuti? Mwaonapo nkhwani m'sitolo kuno?"

A Akauntanti dzanja lili chitambasulire, anatembenuza mutu wokha. Alamu anapitiriza.

"Ndine ndinawatuma ankolo. Poyamba anabweretsa wa mbali yawo, mutadya munati mayi, chaka chino ndiye mwandikumbutsa kwathu. Utatha wa mbali yawo ndinawauza kuti lowani kwathu, dimba ndi lathu lomwe. Anakana, ndinawakakamiza. Mwakhala mukudya dzungu lanu chiyambire Julaye."

"Ankolo, bwanji simunanene?"

"Ndinene kuti chiyani, bwana? Ndikuphwanyireni banja chifukwa cha masamba?"

"Inunso mayi, bwanji simunanene sabata yonseyi?"

"Ndimadikira kuti mtima utsike. Kunyumba mumayankhula za dzungu ngati ndi mwana woyamba. Ana anu enieni mumawathirira choncho?"

Mzungu wa wilibala uja anali atasiya kulima, akutionerera. Anatikweza dzanja. Tonse anayi tinamukwezeranso dzanja, tikumwetulira, chifukwa mlandu ndi wathu, si wa komiti ya kumadimba.

Kunayamba kuwaza. A Akauntanti anabweza dzanja lija, analiyang'ana, analilowetsa m'thumba. Anawerama pa kadzungu kawo nthawi yaitali. Kenako anafunsa, osayang'ana munthu, ngati nsonga zotsalazo zikadali zanthete.

"Za kumapeto uko zilipo," anatero ankolo. "Koma chisanu chikagwa sabata ino zitha."

"Ndiye tcholani zonse. Mayi, nsinjiro zilipo?"

"Zilipo, koma mutsuka mbale ndinu."

Anayamba kulowera ku galimoto, nsapato za ku ofesi zikulira matope. Atafika pa geti anatembenuka.

"Ankolo, mukhome mukamatuluka. Lachitatu lija munalisiya losakhoma."

"Sindinali ine, bwana."

"Mukhome basi."

Ankolo anabwezera kiyi mkati mwa malaya, anamanga batani la pakhosi, nkuwerama kuyamba kutchola. Sanandithokoze, ndipo sindikuwadandaula, popeza ndinatsala pang'ono kuwamangitsa.

Komabe mlandu sutha popanda chigamulo. Ndinaima pakati pa dimba, ndinakonza kukhosi, ndinalengeza kuti khoti lapeza kuti masamba ndi a wotchola, dzungu ndi la wobzala, ndipo wodya umboni alibe mawu. Alamu anali atatseka kale chitseko cha galimoto. Ankolo anali chafufumimba m'masamba. Amene anamva chigamulo changa chonse ndi mzungu uja, ndipo anagwedeza mutu movomereza, ngakhale Chichewa sachimva.

Ndinabwerera pa basi, popeza odandaula anandiiwala. Mabasi a kuno ndi osanja, ndiye ndinakhala pamwamba, kutsogolo, tauni yonse ikutsika pansi panga ndi madenga ake onyowa, ndikuganiza za a Jaji pa kavalo wawo pobwerera kumlandu. Ndikukhulupirira kuti masiku ena nawonso sankadziwa chochita, ankangoyenda pambuyo chete mpaka munthu wina wolimba mtima anene zoona. Ngati ndi choncho, ulemu wanga ukungokulirakulira. Kukhala chete uli ndi udindo, anthu akukuyang'ana, ndi ntchito yolemetsa. Ine ndinaiyesa masana amodzi, thukuta linatuluka m'mphepo ya kuno ku Yorkshire. Iwo anaichita moyo wonse, nkupezanso nthawi yomangitsa mlatho kawiri.

Chiyambire tsiku limenelo palibe amene wandibweretseranso mlandu. Chingwe chobiriwira chija ankolo anachitola, anamangira nyemba, ndipo sanandibwezere. Tikiti ya basi ndinali nayo kale ya sabata yonse, choncho chilungamo chonsechi chinandidyera paundi imodzi.